Nsungwi Ziwiri za Che Bwanali

Che Bwanali tinawaika m'manda nyengo ya chisanu, nkhungu itakuta dera lathu lonse la Namacula moti onyamula jeneza ankaoneka mwa apo ndi apo. Anali alamu anga, amuna awo a achemwali anga Abiti Mussa amene anatsogola kale. Ine ndi iwo tinakangana zaka zambiri kuposa zimene anthu ena amakhala ndi moyo. Tsopano sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi, yapita, alendo abalalika, ndipo ndapezeka ndilibe wokangana naye. Zikundiwawa, ndinene poyera. Ana a masiku ano ankangowadziwa ngati nkhalamba yolusa yowathamangitsa pa shedi yawo yogwiriramo ntchito, ndiye ndati ndifotokoze zimene maso angawa anaona.

Anali mmisiri wa matabwa. Masiku amene tauni ino tinkaitcha Vila Cabral ankakhoma zitseko, mipando ndi mashelefu a m'makantina, timasitolo ta kuno, koma chimene anatchuka nacho ndi mabokosi a sipika. Mzungu wina wokonza mawayilesi ndiye anawapatsa ntchito yoyamba, bokosi la kuholo ya kanema. Anawasonyeza kuti kutsogolo kwa bokosi kumafunika mabowo awiri, lalikulu lokhalamo sipika ndi laling'ono pansi pake lotulukira mpweya. Mzunguyo anabwerera kwawo, koma kabowo kaja kanawalowa m'mutu alamu anga mpaka imfa. Iwo ankakatcha mphuno.

Ine sindine mmisiri, ndine mlimi wa mbatata ndi nyemba, koma munthu ukauzidwa chinthu chimodzimodzi zaka zonsezo umachidziwa ngakhale usakufuna. Sipika ikakhala payokha pa tebulo imangolira ngati udzudzu. Mawu a pansi, a ng'oma yaikulu ndi a amuna oimba besi, amatayika. Mukaitsekera m'bokosi la mphuno yoyenera, mawu aja amabwera mpaka kukugwedezani pachifuwa. M'mphunomo alamu ankalowetsamo chidutswa cha nsungwi, ndipo nkhondo yonse inali pa kukula kwa nsungwiyo. Ikakhala yotakata ndi yaifupi, bokosi limangobuma ngati mgolo wopanda kanthu, pansi penipeni osafikapo. Ikakhala yopyapyala imafika pansi ndithu, koma mukakweza mawu imayamba kuimba mluzu ndi kupemerera mphepo. Yotakata nayo imatha kufika pansi mukaidula yaitali, bola ikwane m'bokosimo.

Chifukwa cha zimenezi, munthuyu sankadutsa pa tsinde la nsungwi osaima. Tikupita kumaliro, tikupita kumsika, iwo basi apatuka, akugogoda nsungwi za eni ndi chala, khutu lili tcheru. Kudenga la shedi kunkapachikika mitolo ya zidutswa, ndipo ankazitchula ndi zala: ya zala ziwiri, ya zala zitatu, ya dzanja lonse. Pensulo inkakhala pansi pa kofia ngakhale popita kumzikiti. M'mawa sankayankha moni asanayese mpeni wa puleni ndi chala chachikulu, ndipo amene sankawadziwa ankabwerera akuganiza kuti awalakwira. Ankakonda kunena kuti munthu wosatha kumvetsera asagwire sowo. Ankanenanso kuti bokosi loimba mluzu ndi manyazi a amene analikhoma, ndipo lotere silidzatuluka pakhomo pawo iwo ali moyo.

Sikuti ankangolankhula. Mwini kantina wina wa ku Sanjala anatopa kudikira, natumiza anthu kukatenga bokosi lake alamu atachokapo. Loweruka masana nyimbo zili mkati, anthu akuvina, Che Bwanali analowa m'kantinamo osapereka moni, namvetsera pang'ono, nazula waya, n'kusenza bokosi pamutu kubwerera nalo. Mwini kantina anawatsatira mpaka kumsewu akutukwana m'Chipwitikizi, kuwaopseza ndi asipayo, apolisi a atsamunda. Iwo anangotembenuka n'kunena kuti bokosilo likudwala chimfine, likachira libwera.

Ine ndinkawaputa dala. Ndinkati, "Alamu, mukuvutikiranji? Boolani chibowo chachikulu mawu atuluke ambiri, ngati mmene timatsegulira khola."

Ankandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Alamu, inu pakamwa panu mpapakulu ndithu. Nanga chiyambire m'mawa mwanenapo chiyani chomveka?"

Timatero, tiyi wopanda shuga ali m'manja, mbatata yootcha ili pa benchi. Koma panali mkangano umodzi umene sunali wa nthabwala, ndiwo wa Selemani.

Selemani anali mwana wawo wamwamuna yekhayo, mphwanga ine, wobadwa kwa achemwali anga. Mnyamata uja Mulungu anamupatsa mawu. Akatsika pansi, makapu ankanjenjemera pa tebulo. Ine ndi iye tinkaimba limodzi m'maukwati, ndipo anthu ankabwera kuchokera ku Lulimile kudzamumva. Atate ake okha ndiwo sankafuna. Taganizani, munthu wokhomera anthu mabokosi a nyimbo, koma mwana wake akayamba kung'ung'udza mu shedi, iwo ankakweza kulira kwa nyundo mpaka mnyamatayo atasiya. Ankati kuimba ndi ntchito ya anthu a manja aulesi. Ine ndinawauza kangapo kuti akulakwa, achemwali anawauza, koma kunali ngati kulankhula ndi thabwa.

Chaka china cha m'ma 1950 asipayo anayamba kugwira anyamata a chibalo cha misewu, ndipo Selemani ananyamuka wapansi kudzera ku Mandimba, ulendo wa ku Harare. Amayi ake ndi ine tinamuperekeza mpaka kumsewu. Atate ake sanatuluke mu shedi. Anangoti akatopa abwera.

Amene anabwera ndi mnzake, Jafali, atasenza sutikesi. Selemani anadwala chifuwa, ndipo anamuika konko anthu achilendo. Mu sutikesi munali bulangeti, nsapato, ndi mbale ya galamafoni yokulungidwa m'malaya. Jafali anafotokoza kuti ku Harare kunali sitolo imene munthu unkalowa, n'kuimbira makina, mbale yako n'kukudulira pomwepo. Iye, Selemani ndi anzawo anaimbamo nyimbo imodzi. Koma mbale zoterozo zinali zofewa, osati ngati zogulitsa zija. Zinkadyeka nthawi iliyonse ukaziliza, ndipo iyi anyamata anali ataililiza kale kwambiri kukomboni.

Tinabwereka galamafoni yopukusa kwa mnansi, ija ya singano yachitsulo. Anthu anadzaza pabwalo. Mbale itayamba kuzungulira tinamva gitala, tinamva mnyamata wina wa mawu okwera, ndi phokoso ngati mvula pa malata. Achemwali anatchera khutu, khosi lili njo, kenaka anati, "Mwana wanga mulibemo umu." Jafali analumbira kuti alimo, ndiye akugwira pansi. Koma galamafoni yoteroyo mawu a pansi siiwatulutsa. Ine ndinaona kuti alamu sakuyang'ana anthu, akuyang'ana singano. Mmene singano inkadutsa munkatsala kafumbi kakuda. Anadzambatuka, nanyamula mkono wa galamafoni nyimbo ili pakati, napukuta singano ndi chala n'kundionetsa.

"Alamu, uyu ndi Selemani tikumupalayu."

Pamenepo panabuka phokoso. Mwambo wathu ndi wakuti katundu wa malemu amayalidwa pa mphasa, aliyense aone, agwire. Abale athu anali atakwera mapiri kuchokera kunyanja, ndipo ankafuna mbale ilire mpaka onse akhutire, kenaka ipite nawo kwathu akamvenso otsala. Che Bwanali anaifungatira pachifuwa n'kukana. Mayi athu aang'ono, munthu wosaopa, anaimirira nawaloza chala. "Inu ndinu mkamwini chabe pano. Mwanayu ndi wa mbumba ino. Ali moyo munkamuletsa kuimba, lero wafa mukumutsekanso pakamwa?"

Maso onse anatembenukira kwa ine, popeza malume ndinali ine, ndipo mawu omaliza pa katundu wa Selemani anali anga. Ndinayang'ana chala chawo chakuda chija, ndipo ndinati mbale ikhale m'manja mwa atate ake. Abale ena sanandilankhule mpaka mvula ya chaka chinacho.

Chimene chinkatiopsa ndi achemwali. Chimvereni uthenga sanagwetse msozi. Ankangokhala pakhomo kuyang'ana kumsewu, chakudya akungochigwiragwira, thupi likutha tikuona. Ankati mtembo sanauone, manda sakuwadziwa, sutikesi aliyense atha kunyamula, ndiye alire chiyani? Atamumva mwana wawo ndi makutu awo, mwina mtima ukanavomera. Mawu a mwanayo anali m'mbale imene inatsala ndi moyo wochepa, ndipo tikanaiononga poyesayesa, achemwali tikanawataya nawonso.

Alamu anakankhira pambali ntchito zonse za anthu. Kwa mmwenye wina amene ankamukhomera mashelefu anabwereka wayilesi ya batire, sipika, ndi galamafoni ya mkono wopepuka wa waya, wotumiza mawu m'wayilesimo. Anasankha mlombwa wouma bwino, nakhoma bokosi lofika m'chiuno, namata mipata yonse ndi phula kuti mpweya usathawire pena. Pa mphuno anaikapo kathabwa komangira ndi maparafuzu, misomali yopota ija, nsungwi iliyonse ndi kathabwa kake, kuti azitha kusintha osaononga bokosi. Zonsezo zinali zapafupi kwa iwo. Chovuta chinali chakuti mphuno imasankhidwa molingana ndi mawu amene ukufuna atuluke, ndipo kuyesera pa mbale kunali kosatheka.

M'mawa wina ndinawaona ataima kumapeto kwa bwalo langa, kofia ili m'manja. Chikhalire sanabwerepo kwanga kudzapempha kanthu.

"Alamu, mnyamata uja ankatsika mpaka pati?"

"Inu simunkamumva?"

"Ndinkakhoma misomali."

Ndinali ndi mawu ambiri owabaya nawo, ndipo ndinali nditawasunga nthawi yaitali. Nditaona nkhope yawo ndinangotenga jekete n'kuwatsatira.

Ntchito yanga inali kugwada patsogolo pa bokosi, pakamwa pafupi ndi nsungwi, n'kumaimba mmene Selemani ankagwirira pansi. Iwo ankaika nsonga za zala pa pepala la sipika, maso atatsinzina. Mawu anga akagwirizana ndi nsungwi, bokosi linkayankha ndipo pepala linkanjenjemera. Vuto linali lakuti ine sindinkafika pamene mphwanga ankafika, kupatula m'mawa kwambiri ndisanamwe kanthu kotentha, kukhosi kukadali kolemera. Choncho ankadzanditenga dzuwa likungotuluka, mame ali mbee, n'kundiletsa tiyi. Nkhalamba yankhanza! Ndinkagwada pa utuchi wozizira ndikubangula ngati ng'ombe, iwo akungoti, "Tsikaninso. Ayi, pamenepo mwakwera. Bwerezani."

Nsungwi zotakata zazifupi zinkayankha ndikakwera, ndikatsika zii. Tinapita tikuchepetsa mpaka tinafika pa ya zala ziwiri, ndipo imeneyo inayankha pansi penipeni. Ine ndinati tamaliza. Iwo analumikiza wayilesi, napeza nyimbo ya ng'oma yaikulu, nakweza mawu. Kansungwi kaja kanayamba kuimba mluzu, kakupemerera mpaka utuchi kuuluka pansi. Nthawi yomweyo achemwali analowa ndi mbale ya mbatata. Anadutsa patsogolo pa bokosi, mphepo ija n'kugwedeza chitenje chawo m'miyendo. Anaima pamenepo kanthawi, mbale ili m'manja, kenaka anaitula n'kutuluka. Alamu sanawaone n'komwe. Anali akupukusa mutu, akumasula kathabwa kaja mokwiya.

Anayenda mpaka kudambo kukafuna nsungwi ina, yotakata zala zinayi, yowongoka, naiboola mfundo zake, naidula yaitali moti inatsala pang'ono kugunda kumbuyo kwa bokosi. Anaifupikitsa pang'onopang'ono, ine ndikubangula, mpaka tsiku limene pepala linanjenjemera pa mawu anga otsikitsitsa. Atayesa ndi wayilesi, ng'oma inabwera yoyera, yolemera, popanda mluzu ngakhale pang'ono. Anangogwedeza mutu kamodzi. Kwa iwo kumeneko kunali kusekerera.

Tinasankha Lachisanu masana, titachoka ku swala kumzikiti. Mu shedi tinalimo atatu, chitseko chotseka. Achemwali anakhala pa mpando patsogolo pa bokosi, manja ali pa maondo. Alamu anati Bisimillah, natsitsa singano. Kunabwera phokoso la mvula lija, gitala, mnyamata wa mawu okwera, ndiyeno pansi pa zonsezo, abale inu, Selemani! Sanachite kumveka kutali ayi, anadzaza shedi yonse. Ine ndinamumva m'nthiti.

"Ndi iyeyo," achemwali anatero. Anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali gwa, owuma. Nyimbo itatha, ine ndinaona kuti tachita zonse koma msozi sunabwere.

Kenaka anati, "Atate ake a Selemani, yopuma ija ili kuti?"

"Iti?"

"Nsungwi yaing'ono ija. Inandipemerera m'miyendo tsiku lija."

"Ija ndi yolakwika, amayi. Imaimba mluzu, iononga mawu a mwanayu. Ndiponso mbaleyi tikaibwereza ikudyeka."

"Mawu ndawamva. Ndikufuna andipumire."

Ine ndinkawadziwa alamu anga, ndipo ndinadziwa kuti akana. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana nsungwi yawo yabwino ija, imene inawadyera masiku ndi tulo. Kenaka anagwada n'kuyamba kumasula. Parafuzu imodzi inagwera mu utuchi, ine n'kuwatolera. Anachotsa yotakata, naika yopyapyala, namanga bwinobwino ngati mmene ankamangira ntchito yonyadira. Anakwezanso mawu a wayilesi kuposa poyamba.

Achemwali anatsika pa mpando, nagona chammbali pa utuchi, tsaya lili pakamwa pa nsungwi. Mluzu unalipo ndithu, alamu sananame. Koma nthawi iliyonse Selemani akatsika pansi, mpweya unkatuluka n'kutukula nsonga ya duku lawo. Anatsinzina. Kenaka anakuwa, kukuwa kumene sindinakumveponso chibadwire. Anamutchula dzina lake laubwana. Amayi a m'makomo oyandikana anabwera akuthamanga, nalowa, nagwa pansi nawo limodzi. Maliro a Selemani analiridwa tsiku limenelo.

Ine ndinatuluka kuwasiyira amayiwo malo, ndipo ndinawapeza alamu atakhala pa chipika kuseri, akuyang'ana manja awo.

"Alamu," anatero osatukula mutu, "nthawi zonse ankaimba chonchi?"

"Eya."

"Bwanji simunandiuze?"

"Tinakuuzani."

Tinakhala pa chipikapo mpaka dzuwa linapendeka, ndipo nkhani imeneyi sitinaibwerezenso moyo wathu wonse.

Achemwali anayambanso kudya. Anakhala zaka zambiri, analera adzukulu, ankaseka, ankatikalipira tonse awiri. Pa Idi, kapena mtima ukawalemera, alamu ankapita kukabwereka wayilesi ndi galamafoni zija, ndipo pambuyo pake anadzapeza zawozawo. Achemwali ankayala chiguduli pansi n'kugoneka tsaya pa nsungwi. Ulendo uliwonse Selemani ankamveka patali kuposa kale, mpaka m'mbale munatsala mvula yokhayokha. Munthu amene anakangana ndi mbumba yonse chifukwa cha kafumbi ka pa singano sanawaletsepo ngakhale kamodzi. Ankatsitsa singano yekha, n'kutuluka kukakhala panja.

Musaganize kuti anasintha maganizo. Ha, Che Bwanali? Ndikawaputa kuti, "Alamu, paja mumati loimba mluzu ndi manyazi," ankandidula. "Yoyenera inali yaikulu ija. Ndipo bokosilo silinatuluke pakhomo pano." Akamva kuti kukubwera munthu wofuna ntchito, ankalivundikira ndi chiguduli msangamsanga kuti asaweruzidwe nalo. Atakalamba makutu anafa, koma anyamata okhoma masipika a m'misika ankabwerabe kudzafunsa. Iwo ankangoika dzanja pa mphuno ya bokosi, n'kunena kuti yachepa kapena yakula, kenaka n'kuwathamangitsa.

Dzulo ndinapita ku shedi. Sowo, puleni ndi matchizulo adzukulu agawana kale, pakhoma pangotsala misomali ndi zithunzithunzi zoyera pamene zinkapachikika. Mitolo ya nsungwi ya kudenga azimayi anasonkhera moto wa pa sadaka. Pansi asesa, fungo la mlombwa likutha, ndipo benchi ikuoneka yaitali kuposa mmene ndinkaidziwira. Bokosi lija palibe analifuna, popeza pepala la sipika mphemvu zinadya kalekale. Lili pakona pomwepo, chiguduli chitagwera pansi. Kansungwi kopyapyala kakadali m'malo mwake, mlomo wake uli wakuda, wosalala, wonyezimira mbali imodzi pamene pankagona tsaya. Pamwamba pake, pa msomali wakewake, papachikika nsungwi yotakata ija ndi kathabwa kake, maparafuzu atamangidwa m'kansanza, ili mbuu ndi fumbi. Sanaitaye, ndipo sanaibwezeremo.